Galimoto ikayamba kuvina pamsewu, tiyambire pati?

Phunziro la ulendo uno tichoka kaye kunyanja ndi kumunda, tilowe kunsi kwa galimoto. Nsomba zathu, mpunga ndi chimanga zimafika ku Limbe ndi ku Blantyre pa mapikapu akale, ma Hilux ndi ma Nissan amene anaona zambiri, kapena pa ka Probox kogula kwa munthu wachitatu. Injini timaisamala ndithu, chifukwa ikadwala galimoto imaima. Koma miyendo ya galimoto, kutanthauza masipuling'i, mashoku, mabushi ndi zitsulo za chiwongolero, ikadwala galimoto imayendabe. N'chifukwa chake timainyozera mpaka tsiku limene tayala lathothoka anthu ali pamwamba pa katundu.

Tiyambe ndi zimene zinatichitikira ifeyo. Tsiku lina m'nyengo ya mvula tinanyamuka ku Mangochi usiku pa pikapu ya gulu lathu, titapakira usipa wouma ndi mabokosi a chambo cha mu ayezi. Tinadzera ku Liwonde n'kukalowa msewu wa M1 pa Chingeni. Titawoloka Shire pa Zalewa tinagwera m'dzenje lodzaza madzi, ndipo podutsa Mdeka dalaivala anati galimoto ikukana kuyenda molunjika. Chiwongolero chinali chitapendekera, kumbuyo kukumveka ngati kukufuna kupitirira kutsogolo. Tinaima pa Lirangwe kutacha. Anyamata okonza magalimoto m'mbali mwa msewu anangoyang'ana n'kunena kuti, "Mashoku atha awa, bwana." Tinagula awiri, anamanga. Pofika pa Lunzu galimoto inali ikuchitabe zomwezo. Tinayenda pang'onopang'ono, ayezi akusungunuka, ndipo chambo tinachigulitsa mtengo wolira.

M'mawa mwake tinakhotera pa Kameza n'kupita kwa makaniko wina wachikulire cha ku Chileka. Bambowo sanagwire sipanala. Anatenga chingwe, n'kuyeza kuchokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo, mbali ya dalaivala. Kenako anayeza mbali inayo. Mbali imodzi inali yaifupi ndi zala zitatu.

"Achimwene, mashoku mwagulawa ndi abwino," anatero, "koma mwamwetsa mankhwala munthu amene sakudwala."

Chinathyoka chinali centre bolt, kabawuti kamene kamamanga masipuling'i a kumbuyo pamodzi n'kuwakhazika pamalo pake pa difu. Katathyoka, difu inasuntha mbali imodzi, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Kabawutiko mtengo wake sunafike ngakhale pa theka la shoku imodzi.

Apa ndiye pali mutu wa phunziroli. Katundu amasenzedwa ndi sipuling'i. Ntchito ya shoku ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangodumphadumpha. Choncho galimoto ikakhala pansi kumbuyo, ikapendekera mbali imodzi kapena ikamakokera kutchire, shoku yatsopano siingathandize. Tiyenera kufufuza mwa ndondomeko, kuyambira pa zosalira ndalama.

Matayala amanena zoona

Imikani galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, matayala atazizira. Yezani mpweya ndi geji, osati kumenya tayala ndi phazi. Mulingo wake umalembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pa chitseko cha dalaivala kapena pa felemu yake, ndipo pa magalimoto onyamula katundu nthawi zambiri pamakhala milingo iwiri, wopanda katundu ndi wa katundu. Tayala limodzi la kutsogolo likachepa mpweya, galimoto imakokera mbali yomweyo. Anthu ambiri alipira alayimenti chonsecho vuto linali mpweya basi.

Kenako pitsani dzanja pa tayala. Likatha pakati pokha, mpweya umachuluka. Likatha m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, mpweya umachepa kapena katundu amalemera. Likatha mbali imodzi yokha, tayalalo silikuima molunjika, ndiye kuti alayimenti yasokonekera kapena chitsulo china chili ndi mpata. Likadyeka mwa zigawozigawo, pena pokumbika pena pokwera kuzungulira tayala lonse, pamenepo ndiye tingayambe kukayikira shoku, chifukwa tayalalo limadumpha m'malo mogwira msewu.

Galimoto ikamakokera mbali imodzi mpweya uli bwino, sinthanitsani matayala awiri a kutsogolo kwa kanthawi, la kumanja lipite kumanzere. Ikayamba kukokera mbali inayo, vuto ndi tayala. Ikamakokera pokhapokha mwaponda buleki, yang'anani mabuleki. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro la makilomita 80 kapena 100 koma n'kusiya mukachepetsa, kawirikawiri ndi balansi, rimu yopindika, kapena matope amene anauma m'kati mwa rimu. Amene mumadzera msewu wa Lirangwe wopita ku Chingale ndi Machinga m'dzinja, yambani mwatsuka marimu musanapite ku galaja.

Tinenepo za matayala a kaunjika, poti ndi amene ambiri timakwanitsa. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2317 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Tayala likhoza kukhala ndi mapanda okongola koma labala wake atauma ndi ukalamba. Likakhala ndi ming'alu kapena chotupa m'mbali, lisiyeni, olo wogulitsa alumbire bwanji.

Kwezani galimoto, muigwedeze

Apa ndi pamene pali moyo wa anthu, ndiye tichedwepo. Ikani miyala kumatayala otsala pansi, kokani handibuleki, kwezani tayala limodzi la kutsogolo. Musalowe kunsi galimoto itangokhala pa jeke. Ikani chipika cha mtengo cholimba pansi pa chasisi. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze mwamphamvu, dzanja lina likukankha lina likukoka. Likamagogoda, vuto ndi bearing kapena ball joint. Kuti musiyanitse, mnzanu aponde buleki inu mukugwedezabe. Kugogoda kukasiya, ndi bearing. Kukapitirira, ndi ball joint kapena mabushi a mkono umene umagwira tayalalo. Ball joint ina imabisa mpata wake, ndiye lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala n'kumalinyamula m'mwamba, wina akuyang'ana ndi tochi. Kenako gwirani tayala cha kutsogolo ndi cha kumbuyo kwake, muligwedezenso. Mpata wa uku umachokera ku tie rod end kapena ku zitsulo zina za chiwongolero.

Ball joint ndi mfundo yonga ya paphewa, mpira wachitsulo wozungulira m'kachikho ka girisi, wotsekedwa ndi kalabala. Kalabalako kakang'ambika, mchenga wa kunyanja ndi madzi zimalowa, girisi n'kusanduka ngati sandipepa. Mpira uja ukadyeka kwambiri umatuluka m'kachikho, tayala n'kugonera m'kati mwa galimoto. Mwaonapo magalimoto atagwada mwendo umodzi pa hampu, eti? Amenewo ndi amwayi, zinawachitikira akuyenda pang'onopang'ono. Tie rod end ikazuka, tayala limenelo silimveranso chiwongolero. Zitsulo ziwirizi zikapezeka ndi mpata, galimoto isanyamule katundu kapena anthu mpaka zitasinthidwa. Zowotcherera, zokhoma ndi hamala kuti zigwire, kapena zomanga ndi malegeni, ife tikukana. Ndipo nati yake ikamangidwa, pakabowo palowe split pin yatsopano, osati kawaya kotola pansi.

Mukatsitsa galimoto, matayala ataloza kutsogolo, seweretsani chiwongolero uku ndi uku ndi zala. Chisamayende kupitirira masentimita atatu, ngati zala ziwiri, matayala asanayambe kusuntha. Chikapitirira apo, wina agone pansi aone mfundo imene ikuyenda yokha inzake itaima.

Bearing imadziululanso pamsewu. Imalira ngati ndege ili kutali, kulirako kumakula ndi liwiro, ndipo kumasintha mukamakhota. Mukayenda mtunda, imani n'kuyandikiza dzanja pakati pa rimu iliyonse. Imene yatentha kuposa zinzake ili ndi bearing yakutha kapena buleki yogwira. Pa Probox ndi magalimoto ena okokera kutsogolo, phokoso la ta-ta-ta pokhota kwambiri ndi CV joint, si shoku.

Kumbuyo, kumene kumakhala nsomba

Magalimoto a ife a kunyanja ali ndi mdani amene a m'tauni alibe. Madzi a ayezi osakanikirana ndi zotuluka m'nsomba, nthawi zina ndi mchere womwe, amadontha m'mabowo a bodi n'kugwera pa masipuling'i, pa ma U-bolt ndi pa chasisi. Dzimbiri limadya pakati pa zitsulo za sipuling'i pamene maso saona. Mukatsitsa nsomba, tsukani ndi kunsi komwe.

Yezani kuchokera pansi kufika pa bodi, pamwamba pa tayala lililonse. Mbali ziwiri zifanane. Kenako werengani zitsulo za sipuling'i chimodzichimodzi, kufuna chothyoka kapena chimene chatuluka pamzere. Kufunika kwambiri ndi chapamwamba chija chokhala ndi maso kumapeto, chifukwa ndi chimene chimalumikiza difu ku chasisi. Onani mabushi a m'masomo. Akatha, galimoto imagogoda ponyamuka ndi poima, ndipo kumbuyo kumagwedezeka ngati bwato pa mwera. Fumbi lofiira la dzimbiri kuzungulira nati ya U-bolt ndi chizindikiro chakuti yamasuka ndipo zitsulo zikukhulana. Ma U-bolt omasuka ndi amene amathyoletsa centre bolt, monga zinachitikira ife. Pamwamba pa difu, pa chasisi, pali kalabala kotchinga kuti zitsulo zisagundane. Pamene kamagunda pakakhala powala ngati popukutidwa, galimotoyo imayenda itakhala pansi.

Ambiri timathamangira kuwonjezera zitsulo pa sipuling'i kuti galimoto inyamule zambiri. Imadzukadi, koma bearing, mabuleki, matayala ndi chasisi ndi zomwe zija. Mapikapu ambiri amene tili nawo ndi a tani imodzi, matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera pamwamba nawonso amawerengedwa momwemo. Probox yonyamula katundu inalembedwa kumbuyo kwake makilogalamu 400, matumba asanu ndi atatu basi. Tikudziwa kuti mafuta anakwera ndipo ulendo wa matumba ochepa subweza ndalama, sitikulankhula ngati anthu osadziwa. Komabe katundu wolemera aikidwe pafupi ndi kabini, osati kuseri kwa difu. Akalemera kumchira, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayandama, ndipo nyale zimaloza kumwamba n'kumathobwa anzathu m'maso.

Tsopano mashoku aja. Tsamirani ngodya iliyonse ya galimoto ndi thupi lonse, kanikizani kangapo, n'kusiya. Ikwere kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiriza kuvina kawiri katatu, shoku yafooka. Pa pikapu ya masipuling'i olimba njira imeneyi siionetsa bwino, ndiye yang'anani shokuyo. Kachinyezi pang'ono si vuto, koma oyilo wochita kuyenderera wosakanikirana ndi fumbi ndiye kuti yatha. Onaninso timabushi ta kumapeto kwake, chifukwa nthawi zambiri phokoso limene timati shoku limachokera pa kalabala kotsika mtengo. Posintha, sinthani ziwiri za mbali zonse nthawi imodzi.

Alayimenti ibwere pomaliza, zonse zili ndi mpata zitasinthidwa, apo ayi isokonekeranso pa dzenje loyamba. Mabawuti a mabushi atsopano amangitsidwe galimoto itaponda pansi, chifukwa akamangitsidwa ili m'mwamba labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Ma U-bolt atsopano amamasukako akayenda ulendo woyamba ndi katundu. Bambo a ku Chileka aja anatiuza kuti tikafika kunyanja tiwamangitsenso tisanapakire, ndipo titayesa ndi sipanala pa Mangochi, manati atatu mwa asanu ndi atatu anazungulira ndithu.