Phunziro la Utsogoleri Kuchokera ku Khondowe: Kuphunzitsa Munthu ndi Kumupatsa Udindo

Munthu akachoka ku Mhuju n'kukwera mapiri a Phoka, amakafika pa Khondowe, pamene pali sukulu ya ukachenjede ya Livingstonia. Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula sukuluyi mu 2003, koma ntchito yotumikira anthu pamalopa inayamba kale, mu 1894. Mbiri ya malowa ili ndi phunziro kwa aliyense amene ali m'komiti ya chitukuko, ya sukulu, ya chipatala kapena ya mjigo. Phunzirolo ndi lakuti bungwe lotumikira anthu limalimba pamene atsogoleri ake aphunzitsa anzawo ntchito, kenako n'kuwakhulupirira powasiyira udindo weniweni.

Zimene zinamangidwa pa Khondowe

Dr Robert Laws, mmishonale wa ku Scotland, anafika m'dziko muno mu 1875. Mishoni inayambira ku Cape Maclear, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws anakhazikitsa sukulu ya Overtoun pa Khondowe. Cholinga chake chinali chakuti sukuluyo idzakule n'kukhala ya ukachenjede.

Pa Overtoun sankaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba kokha. Ankaphunzitsanso uphunzitsi, ubusa, ntchito za chipatala, ukalipentala, umisiri womanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Anakoka madzi m'mapaipi, anapanga magetsi ndi mphamvu ya madzi, analambula msewu wa Gorodi wotsikira ku Chitimba, ndipo anamanga chipatala cha David Gordon Memorial. Zonsezi sizinachitike ndi manja a munthu mmodzi. Anaswa miyala, kusenza katundu ndi kukumba msewu anali anthu a m'dera lomwelo pamodzi ndi ophunzira.

Ophunzira a pa Khondowe anakagwira ntchito m'madera ambiri, mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Mmodzi mwa iwo, a Levi Mumba, anali mlembi wa bungwe la North Nyasa Native Association limene linayamba mu 1912, ndipo mu 1944 anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Apa mbali yoyamba ya utsogoleri inatheka: anthu anaphunzitsidwa bwino.

Pamene panavuta

Mbali yachiwiri, yopereka udindo, inachedwa kwambiri. Nkhani ya a Charles Domingo ikusonyeza zimenezi. Iwo anakulira m'manja mwa mishoni, anali mphunzitsi waluso, anamaliza maphunziro a ubusa ndipo analoledwa kulalikira. Komabe zaka zinapita osadzozedwa. Akuluakulu a mishoni ankati munthu ayenera kuyesedwa kaye nthawi yaitali asanapatsidwe udindo wonse. Mu 1908 a Domingo anachoka mu mishoni, ndipo pambuyo pake anakatsogolera mipingo ndi sukulu zoima pazokha.

Abusa oyamba a dziko lino mu mishoni ya Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chifikire amishoni. Iwo anali a Yesaya Zerenji Mwasi, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiah Tweya. Ngakhale anadzozedwa, mphamvu zambiri zokhudza ndalama ndi kayendetsedwe ka ntchito zinakhalabe m'manja mwa amishoni. Mu 1933 a Mwasi nawonso anachoka n'kukayambitsa mpingo wawo.

Anthu awiriwa sanachoke chifukwa cholephera ntchito. Anachoka chifukwa ankaona kuti luso lawo likugwiritsidwa ntchito koma mawu awo salemekezedwa. Mishoni inataya anthu amene inawaphunzitsa yokha kwa zaka zambiri. Laws anapuma ntchito mu 1927, ndipo zimene ankalakalaka, zoti pa Khondowe pakhale sukulu ya ukachenjede, zinadikira mpaka 2003, pamene Amalawi eni ake anazikwaniritsa.

Tanthauzo lake kwa makomiti a m'wodi

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu kwa anthu kuti azikonza okha chitukuko chawo kudzera m'makomiti a m'midzi, a VDC, ndi a m'madera a mafumu aakulu, a ADC, mpaka kukafika ku khonsolo. Makomiti amenewa ndi malo a ntchito ngati ena onse, ngakhale mamembala ake salandira malipiro. Matenda amene anavuta pa Khondowe angathe kuwagwiranso.

Choyamba, udindo uperekedwe pamodzi ndi mphamvu zake. Ngati komiti yasankha msungichuma, buku la ndalama ndi malisiti zikhale kwa iye, osati m'chikwama cha wapampando. Ngati yasankha mlembi, iye ndiye alembe ndi kuwerenga zimene zakambidwa. Munthu wopatsidwa dzina lokha sachedwa kuleka kubwera kumisonkhano.

Chachiwiri, nthawi yoyesa munthu ikhale ndi malire odziwika. Mnyamata kapena mayi amene waphunzitsidwa kukonza mjigo asamangokhala wonyamula zitsulo chaka ndi chaka. Komiti inene poyera kuti akachita zakutizakuti, ntchitoyo idzakhala yake. Kuyesa kopanda mapeto kumaoneka ngati kusakhulupirira.

Chachitatu, pakhale njira yoperekera madandaulo anthu asanafike pochoka. Membala wokhumudwa kawirikawiri sayankhula pagulu, amangoyamba kujomba. Wapampando wanzeru amamuyendera n'kumva chimene chavuta. Mutu umodzi susenza denga, ndipo komiti imene yatsala ndi anthu atatu mwa khumi singayang'anire ntchito yomanga chipinda chophunziriramo kapena mlatho.

Chachinayi, mtsogoleri akonzekeretse womulowa m'malo. Nthawi yake ikatha, apereke mabuku, makiyi ndi katundu yense pamaso pa anthu ndi mafumu. Ntchito imene imaima mtsogoleri akachoka inali yake yekha, sinali ya mudzi.

Ophunzira a ukachenjede akafika m'mudzi

Sukulu ya ukachenjede ili ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu. N'chifukwa chake ophunzira ochokera ku Livingstonia, ku Mzuzu kapena ku Bunda amapezeka m'midzi, ena akuyesera uphunzitsi m'sukulu, ena akufunsa mafunso a zaulimi kapena zaumoyo. Phunziro la pa Khondowe likugwiranso ntchito pano. Anthu a m'mudzi si ongoyankha mafunso. Ndi eni ake a chitukukocho.

Choncho komiti ya m'mudzi ili ndi ufulu wofunsa alendo otere kalata yowazindikiritsa, cholinga cha kafukufuku wawo ndi nthawi imene adzabwerere kudzanena zimene apeza. Munthu aliyense ali ndi ufulu wokana kuyankha. Zotsatira za kafukufuku zikabwezedwa kwa anthu, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo angazigwiritse ntchito, ndipo komiti ingaziike m'dongosolo la chitukuko cha mudzi limene limapita ku khonsolo. Nawonso anthu awalandire bwino ophunzirawo, pakuti ambiri ndi ana a m'midzi yomweyi amene mawa adzakhala aphunzitsi ndi alangizi awo.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa komiti

1. Kodi ndi maudindo ati m'komiti amene alipo m'dzina lokha, ntchito yake ikugwiridwa ndi munthu wina?
2. Ndi mamembala angati amene aleka kubwera chaka chino, ndipo ndani anapita kukamva chifukwa chake?
3. Kodi achinyamata ndi amayi amene anaphunzitsidwa ntchito anapatsidwa mpata woigwira okha?
4. Wapampando atachoka lero, ndani angapeze mabuku a ndalama ndi kupitiriza ntchito?
5. Kodi komiti inalandirapo zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'mudzi mwawo?

Mayankho a mafunso amenewa alembedwe m'buku la komiti, ndipo aperekedwe kwa khansala wa wodi pamsonkhano wotsatira wa ADC.