Kodi ndiwotche nthano yanga ya Mbona?

Aphungu,

Ndine mnyamata wa ku Nsanje ndipo ndimakonda kulemba nkhani zopeka. Pano ndikulemba buku la zochitika m'chigwa chathu chino zaka 300 zikubwerazo. M'bukumo mvula inaleka kugwa, ndipo kagulu ka anthu ophunzira kapanga makina oitanira mitambo. Makinawo awabisa, n'kumauza anthu kuti Mbona akulankhula kudzera mwa iwo. Mudzi wolephera kupereka msonkho saugwetsera mvula. Bambo anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, atawerenga kope langa anati ndayamba kutumikira milungu yachikunja. Amalume nawonso, omwe amalemekeza za ku Khulubvi, akuti dzina la Mbona si loseweretsa, ndidzaitanira banja tsoka. Kodi ndiwotche kopelo?

Wothedwa nzeru, Nsanje

Mwanangu,

Kopelo usaliwotche. Koma usanawonjezere tsamba lina, mvetsa kuti bambo ako ndi amalume ako, ngakhale amapemphera kosiyana, akuopa chinthu chimodzi: kuti mwana wawo akutenga zopatulika n'kuzisandutsa masewera. Ntchito yako ndi kuwaonetsa kuti amene akuseweretsa zopatulika ndi anthu a makina aja, ndipo iwe ukulemba kuti uwayalutse.

Funso lomwe ukufunsa m'bukumo si lachilendo m'chigwa cha Shire. Mbiri ya Mbona payokha ndi nkhani ya mvula ndi ulamuliro. Akuluakulu a Chimang'anja amasimba kuti chilala chitakula, Mlauli, malume wake wa Mbona, anayesa kuitana mvula koma analephera. Mbona atavina, mvula inagwa. M'malo mothokoza, amene ulemu wawo unachepa anamuchitira kaduka. Mbona anathawira kumwera, koma iwo anamulondola mpaka ku dambo la Ndindi. Zida zawo zachitsulo zinakanika kumupha, kufikira iye mwini anawaululira chomuphera. Anamudula mutu, ndipo mutuwo unakaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wake mpaka lero.

Wansembe wa Katolika wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, anakhala zaka zambiri m'chigwamo akumvetsera akuluakulu. M'buku lake la River of Blood, lomwe linatuluka mu 1992, analongosola kuti nkhani ya imfa ya Mbona ikukumbutsa nyengo ya cha m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unkakula ndi kufuna kuika makachisi a mvula m'manja mwake. Wolamulira mvula ndiye wolamulira nkhokwe, ndipo wolamulira nkhokwe anthu amamugwadira. Ngakhale m'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda litakakamiza alimi kulima mitumbira, mawu ochokera kwa wobwebweta wa Mbona anaima kumbali ya anthu okana, pa mkangano womwe umakumbukika kuti nkhondo ya mitumbira.

Choncho kwa amalume upite ndi mfundo iyi: Mbona wa m'mbiri ndi munthu amene anaphedwa ndi adyera la mpando. Buku lako lisamusandutse wakuba. Wowerenga aone bwino lomwe kuti akuba ndi omwe abera dzina lake. Ndipo usapeke miyambo ya ku kachisi kuchokera m'mutu mwako. Safunsa anadya phula. Pempha amalume akuperekeze kwa akuluakulu odziwa za ku Khulubvi, ukafotokoze mwaulemu zomwe ukulemba, ukamvetsere. Zomwe angakuuze kuti n'zachinsinsi uzisiye kunja kwa buku. Akakana kuti dzinalo ligwiritsidwe ntchito, usaumirire. Peka dzina lina la woitana mvula. Nkhani yako siifooka.

Kwa bambo ako upite ndi Baibulo lawo lomwelo. Pa Danieli 3, Nebukadinezara anaimika fano lagolide n'kulamula kuti wosaligwadira aponyedwe m'ng'anjo. Pa Machitidwe 8, Simoni wamatsenga anafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama kuti akhale nayo m'manja. Malemba amasimba za mafano ndi onyenga popanda kuwapembedza. Kumbukiranso 2 Samueli 12: mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, anasimba nkhani yopeka ya munthu wolemera amene analanda kankhosa ka mmphawi, ndipo nkhaniyo inalasa mtima wa mfumu. Uwapemphe bambo akuwerengere mutu umodzi ndi kukuuza ngati ukutamanda chinyengo kapena ukuchitsutsa. Usawayankhe mwamwano, akuteteza moyo wako wauzimu monga akudziwira.

Dziwanso kuti njirayi ena anaipondapo kale. Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker, lomwe linatuluka mu 1978, kuchokera pa mbiri ya Mbona. Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom la mu 2015, anatitengera ku Africa ya zaka 500 zikubwerazo. Kunja, Roger Zelazny mu Lord of Light, buku la mu 1967, anasimba za anthu ofika pa dziko lina omwe anabisira anzawo luso la makina n'kudzitcha milungu. Frank Herbert mu Dune, la mu 1965, anasimba za dziko lachipululu komwe madzi ndi chuma, ndi mnyamata amene anthu anamuyesa mpulumutsi mpaka nkhondo yoopsa inabuka m'dzina lake. Ukawapeza uwawerenge, koma usawatsanzire. Iwe uli ndi zomwe iwo analibe: unaona madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, umadziwa dzuwa la mu Okutobala m'chigwamo, ndipo ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira ikukumbidwa m'nthawi yako. Funso lakuti adzatsegula ndi kutseka madzi ndani, ndipo wosauka adzawapeza pa mtengo wanji, ndi la lero lomwe lino.

Pomaliza, uphungu wa kalembedwe. Anthu a makinawo asakhale ziwanda chibadwire. Ayambe ndi mtima wofuna kupulumutsa abale awo ku njala, bodza loyamba alinene poganiza kuti n'lothandiza, kenako ulemu uwakomere mpaka alephere kuusiya. Dyera la mphamvu limalowa motero, m'boma, mumpingo ngakhale m'banja. Okhulupirira nawonso usawalembe ngati zitsiru. Mayi wopereka mbuzi yake yomaliza kuti mapira asapserere m'munda si wopusa, ndi kholo lomwe likuopa kuika mwana m'manda. Muikemonso wina amene chikhulupiriro chake chenicheni ndicho chimupatse mphamvu zokana bodzalo.

Ngati bambo apitiriza kukana, usalimbane nawo pakhomo pawo. Sunga zolemba zako bwino, upitirize modekha, ndipo aone mwa makhalidwe ako kuti kulemba sikunakuchotse pa ulemu kapena pa pemphero. Chigwa cha Shire chikusowa ana ake omwe angathe kufunsa poyera amene akupindula dzina la Mulungu kapena la makolo likamatchulidwa posonkhetsa anthu. Limalize bukulo, mwanangu, ndipo ulilembe ndi mantha oyenera zinthu zomwe ukuzikhudza.

Aphungu