Kutchipa kwa pa Foni, Kudula kwa Pakhomo

Mwezi wa November ukafika, ndalama iliyonse ya ku Lirangwe ndi ku Chileka imakhala ili ndi mwini wake kale. Ina ndi ya mbewu, ina ya feteleza wokulitsa, ina ya aganyu ounga mizere, ina yosungira fizi ya mu January. Mwezi womwewu ndi umene mafoni amadzaza ndi zotsatsa malonda zofiira psu: Black Friday, mitengo yatsika ndi theka, lero lokha, katundu watsala wochepa. Zimalowera pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp, n'kumupeza munthu atafumbata kandalama kamene wakhala akusonkhanitsa kuyambira nthawi yokolola.

Mwambowu unabadwira ku America. Ndi tsiku lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving chakumapeto kwa November, ndipo dzinalo linatchuka ndi apolisi a mumzinda wa Philadelphia m'zaka za m'ma 1960, podandaula ndi chipwirikiti cha anthu ndi magalimoto. Amalonda ataona kuti anthu amakhamukira kumene kwalembedwa kuti zatsika, anachulukitsa masiku otere. Cyber Monday inayamba mu 2005. Kampani ya Alibaba ya ku China inasandutsa 11 November kukhala tsiku la malonda mu 2009. Amazon inayambitsa Prime Day mu July 2015, ndipo ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, Takealot ili ndi Blue Dot Sale. Kumene mwambowu unachokera, November ndi nyengo yoti akolola kale, akugula mphatso za Khirisimasi. Kuno ndi pakhomo pa dzinja, chimanga chikuyamba kuchepa m'nyumba.

Taganizirani mnyamata wina wa pa Lirangwe, woonetsa mpira ndi mafilimu m'kanyumba ka malata pafupi ndi msewu wa M1. TV yake ndi yaing'ono, okhala kumbuyo amadandaula kuti sakuona mpira, ena ayamba kupita kwa mnzake. Usiku wina akuseweretsa foni, anaona TV yaikulu pa sitolo ina ya pa intaneti ya ku South Africa. R7,999 atakhwatcha ndi mzere, pambali pake R4,999, pansi pake wotchi ikuwerenga chobwerera m'mbuyo. Anaimbira mlongo wake wogwira ntchito ku Johannesburg.

"Achemwali, taonani chithunzi ndakutumiziranicho. Achotsa R3,000 yathunthu. Likatha Lachisanu basi, ibwerera mwakale."

"Ndaona achimwene, koma ndalama ili kuti? Ine mwezi uno ndalipira lendi, ndatsala chimanjamanja."

Ndalama inapezeka. Anagulitsa mbuzi ziwiri, n'kupita kwa mayi ake, amene anali atamanga pansalu ndalama ya feteleza.

"Amayi, mundibwereke, pofika Khirisimasi ndikhala nditabweza. Nyengo ya zisangalalo anthu amadzaza, masabata awiri okha yabwerera."

"Mwananga, mvula sidikira munthu. Koma poti wanena wekha, tenga."

Kubanki ma rand sanapezeke, choncho anapereka makwacha kwa munthu wina amene m'bale wake ku Joni anapatsa achemwali aja ma rand, pa mtengo wa pamsewu, wokwera kuposa wa kubanki. TV inagulidwa. Sitolo inakasiya pakhomo pa achemwali ulere, monga inalonjezera, koma pakhomopo ndi ku Johannesburg. Anafunika wonyamula, ndipo onyamula katundu nyengo ya Khirisimasi amakweza mtengo chifukwa aliyense akutumiza zake kumudzi. Katunduyo anadikira malo, kenako n'kuyamba ulendo: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka pachipata cha Mwanza, pomwe a MRA anawerengera msonkho wolowetsera katundu ndi VAT. Galimoto itachoka ku Mwanza inawoloka Shire pa Zalewa, inadutsa pa Lirangwe pomwepo osaima, n'kukatsitsa zonse m'tauni. Mnyamata anakwera minibasi kukaitenga, pobwerera n'kulipira mipando iwiri ya kabokosi.

Khirisimasi inali itadutsa, Chaka Chatsopano chitadutsanso. Atawonkhetsa zonse papepala, anapeza kuti ndalama imene watulutsa yaposa mtengo wa TV yofanana nayo ku Limbe, yoti akanaiona ikuyaka asanalipire. Patangotha masabata ochepa, pagalasi panayamba mzere wobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pepala la chitsimikizo linalipo, lonena kuti ikavuta aibweze kusitolo. Sitoloyo ili kuseri kwa zipata zitatu. Kumunda kwa mayi ake chimanga chinali chitachita chikasu, chifukwa feteleza anathiridwa mochedwa, ndiponso wochepa, wogula pa mbale ndi ndalama ya katapila.

Chomaliza chinachokera kwa achemwali. Tsiku lina akufufuta zithunzi zakale m'foni, anapeza chimene anajambula mu September akuyang'ana mitengo ya ma TV. TV yomwe ija inali pa R5,299. Kutsika kwenikweni kunali R300. R7,999 ija palibe amene ankaigulira.

Mukaiona bwino nkhaniyi, palibe amene anamubera mnyamatayu. Sitolo inatumiza chimene inalonjeza, wonyamula ananyamula, boma linatenga msonkho wake mwalamulo. Chimene chinamugwetsa ndi nambala yokhwatchidwa ija, chifukwa iye anayeza phindu lake kuchokera pa nambala yolembedwa ndi wogulitsa mwiniwake.

Aliyense amene anagulapo kaunjika pa Lunzu amaidziwa njira imeneyi. Wogulitsa amayamba ndi mtengo wapamwamba umene iye mwini sakuyembekezera, kuti mukanenerera n'kufika pakati muchoke mukumwetulira, iye atapeza zimene amafuna kuyambira pachiyambi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Lunzu malaya mumawagwira, mumayang'ana m'khwapa ngati sanang'ambike, mumanamizira kuchoka kuti akuitaneni, ndipo mawa lake mukhoza kubwerera kudzamupeza. Pa foni wogulitsa amadzinenerera yekha. Mtengo woyamba ndi wake, womaliza ndi wake, wotchi yokuthamangitsani ndi yakenso.

Si ife tokha amene timakodwa. Bungwe loteteza ogula la ku Britain lotchedwa Which? limatsatira mitengo chaka chonse. Litafufuza katundu woposa 200 amene anatsatsidwa pa Black Friday ya 2021, linapeza kuti katundu 98 pa 100 aliyense ankapezeka pa mtengo womwewo kapena wotsikirapo nthawi zina za chaka. Mayiko a European Union anafika pokhazikitsa lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu May 2022, loti wolengeza kuti watsitsa mtengo azionetsa mtengo wotsikitsitsa umene anagulitsira katunduyo m'masiku 30 apitawo. Lamulo lotere silikanafunika pakanapanda chizolowezi chokweza mtengo mu October kuti autsitse mu November.

Chodabwitsa n'chakuti ogulafe timaikonda nambala yokhwatchidwayo. Mu 2012 mkulu wa masitolo a JCPenney ku America, Ron Johnson, anathetsa zotsitsatsitsa n'kuika mitengo yotsika yokhazikika chaka chonse. Makasitomala anathawa, malonda anagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mu April 2013 mkuluyo anachotsedwa ntchito. Anthu ankafuna kumva kuti apambana, ngakhale ndalama yotuluka m'thumba ikhale yomweyo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Kwa ife a kuno pali msampha wachiwiri, umene wogula wa ku London alibe: mtengo wa pa foni si mtengo wapakhomo. Pakati pa ziwirizi pali kwacha, pali msewu, pali msonkho. Kumayambiriro kwa November 2023 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Black Friday ya chaka chimenecho inagwa pa 24 November. Katundu amene anatsitsidwadi ndi 30 peresenti m'madola, kwa munthu wolipira m'makwacha anali wodulabe kuposa mmene analili mu October asanatsitsidwe. Chaka cha 2022 mu May kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Ndipo popeza ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, ambiri amasinthira pamsewu, pomwe kwacha imafooka kuposa apo.

A ku Chileka amaona ndege zikutera tsiku ndi tsiku, ndipo ena amaganiza kuti katundu wa ku China ali pafupi chifukwa bwalo lili pakhomo. Ma ajenti onyamula katundu pa ndege amalipiritsa pa kilogalamu, kawirikawiri m'madola. Nsapato zotchipa za pa 11 November zikaikidwa pa sikelo, kulemera kwake kokha kumatha kudya zonse zimene munati mwapulumutsa. Zikafika zili zazing'ono kuphazi, kapena nsalu yake ili yopyapyala kusiyana ndi ya pachithunzi, kubweza kumadula kuposa kugula zina. Ambiri amangozisunga kapena kuzigulitsa moluza.

Msampha wachitatu ndiwo wa akuba enieni, amene nyengoyi ndi masika awo. Amatsegula tsamba pa Facebook, n'kuikapo chizindikiro cha sitolo yodziwika, zithunzi za mafoni, masola, malata, ngakhale matumba a feteleza, pa mitengo yoti munthu wamaganizo akanadabwa nayo. Koma popeza dziko lonse likunena kuti mitengo yatsika, kudabwa kumachepa. Amati tumizani theka pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti tikusungireni, katundu abwera pa basi. Mukatumiza amapempha ina ya mayendedwe, kenako ya kasitomu, kenako nambala siipezekanso. A MACRA ndi apolisi akhala akuchenjeza za umbava wa pa foni kwa zaka zambiri, ndipo kulembetsa ma SIM ndi chiphaso cha unzika sikunauthetse, chifukwa akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena. Chizindikiro chawo n'chimodzi: kampani yaikulu, koma ndalama ikupita ku nambala ya munthu. Dzina likamatuluka pa foni musanatsindike nambala yachinsinsi, liwerengeni. Likakhala la munthu wamba pomwe akuti ndi sitolo, imani pomwepo.

Kunena chilungamo, kutsika kwenikweni kumakhalapo. Foni ya mtundu watsopano ikatuluka, yakale imatsikadi. Sitolo ikafuna kuchotsa katundu wokhalitsa, imatha kugulitsa mopanda phindu. Masitolo ena amatsitsa zinthu zochepa, monga mafuta ophikira kapena shuga, kuti mukalowa mutuluke ndi zina zimene simunabwerere. Amene amapindula ndi masiku amenewa ndi munthu amene chinthucho amachifuna kale, ndalama yake anaisunga kale, ndipo mtengo wake wakhala akuutsatira kwa miyezi. Iyeyo akaona nambala yokhwatchidwa saiwerengera, amayerekeza mtengo watsopanowo ndi umene akuudziwa yekha.

Malamulo otiteteza alipo. Consumer Protection Act ya 2003, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, komanso lamulo latsopano la Competition and Fair Trading la 2024. Bungwe la CFTC limalandira madandaulo a kutsatsa malonda konyenga, ndipo la CAMA, lotsogoleredwa ndi a John Kapito, lakhala likulankhulira ogula kwa zaka zambiri. Koma dzanja la mabungwe amenewa limafika kwa wamalonda amene ali ndi dzina ndi malo m'Malawi muno. Sitolo ya ku Guangzhou kapena tsamba la Facebook lotsegulidwa dzulo, n'kovuta kulifikira. Ngakhale pa wamalonda wa kuno, dandaulo lopanda lisiti limafera m'njira. Sungani lisiti, sungani uthenga wa ndalama, jambulani chotsatsacho chisanafufutidwe.

Chitetezo chachikulu ndi kope ndi cholembera. Ngati pali chinthu chimene mukuchifunadi, lembani mtengo wake mu August, mu September ndi mu October, kumene mwauona: ku Limbe, ku Chichiri, pa Lunzu, pa intaneti. Tsiku la malonda likafika, tengani mtengo wa pa foniwo, sinthani m'makwacha pa mtengo umene musinthiredi, onjezani wonyamula, msonkho, minibasi yopita ndi yobwerera, ndi masiku amene bizinesi idzaime mukudikira. Kenako dzifunseni kuti chikawonongeka mu February mudzagogoda pa chitseko cha yani. Nambala yomalizayo ikakhala yotsikabe kuposa ya m'kope mwanu, ndipo ndalamayo si yobwereka, gulani mtima uli m'malo.

Wogulitsa akati ndi lero lokha, kumbukirani kuti pambuyo pa Black Friday pali Cyber Monday, kenako malonda a Khirisimasi, kenako a January, kenako a Isitala. Katundu amene akuthamangitsidwa lero adzatsatsidwanso. Gonani usiku umodzi musanatumize ndalama, ndipo m'mawa mukafunse munthu mmodzi amene anagulako kale kumeneko kuti zonse pamodzi zinamutengera zingati.