Phunziro: Wovulaza Mnzake Alipire

Ng'ombe za munthu zikadya chimanga m'munda mwa mnzake, mlandu umapita kwa amfumu. Mwini ng'ombe amalipira. Izi tonse tizidziwa. Koma nanga ngati chimene chaonongeka si munda, koma mwendo, diso kapena mapapo a munthu? Nanga ngati woononga ndi kampani yaikulu?

Lamulo likuti nayonso ilipire. Malipiro amenewa timati chipukuta misozi. Si mphatso ayi, ndiponso si chifundo cha bwana. Ndi ngongole. Ndalamazo ndi zolipira chipatala, zobwezera masiku amene munthu sanagwire ntchito, ndi zodyetsa ana ngati mphamvu zatha kapena ngati bambo wamwalira.

Anzathu, tiyeni tione nkhani ya abale athu a ku Joni.

Kwa zaka zambiri Wenela inkatenga amuna kuno ku Mozambique, ku Malawi ndi kwina kupita nao ku migodi ya golide ya ku South Africa. Pansi pa mgodi ankaboola thanthwe. Fumbi la thanthwelo ndi losalala kuposa ufa, ndipo likalowa m'mapapo silituluka. Limasiya zipsera, mapapo nkuuma. Matendawa amatchedwa silicosis. Alibe mankhwala ochiritsa, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB.

Kuipa kwake nkwakuti sabwera msanga. Munthu amabwerera kumudzi ali bwinobwino, ndi njinga, wailesi ndi bulangete. Patapita zaka ayamba kutsokomola, kuonda, kubanika pokwera kachitunda. Pamudzi ena ankati wamlodza mbale wake. Ena ankati ndi tsempho, naloza chala mkazi wake. Mai wosalakwa ankanyozedwa, pamene mwini mlandu weniweni anali kutali, akuwerenga phindu.

Lamulo lakale la kumeneko linkapereka kandalama kochepa kwa wodwala, basi. Thembekile Mankayi, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi kuyambira 1979 mpaka 1995, analandira marandi 16,000 ndi pang'ono. Iye anakana kuti moyo wake ndi wa mtengo umenewo. Anasumira kampani ya AngloGold Ashanti, nafuna marandi oposa 2 miliyoni. Mabwalo awiri anamkana. Mu March 2011 bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti wantchito wa mu mgodi ali nao ufulu wosumira kampani. Mankayi sanamve chigamulocho. Anali atamwalira masiku ochepa chabe m'mbuyomo.

Koma njira inali italambulidwa. Odwala ndi amasiye ambiri anasonkhanitsa milandu yao kukhala mlandu umodzi, chifukwa mmphawi mmodzi sangalimbane ndi maloya a kampani. Mu 2016 bwalo la ku Johannesburg linalola mlandu wa guluwo. Makampani 6 anavomera kupereka marandi 5 biliyoni, ndipo bwalo linatsimikiza mgwirizanowo mu 2019. Bungwe logawa ndalamazo ndi Tshiamiso Trust. Likukhudza amene anagwira ntchito ya m'fumbi m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, nadwala silicosis kapena TB ya ku ntchito. Mlendo nayenso ali momwemo. Ngati mwini wake anamwalira, mkazi ndi ana angapemphe. Wamoyo amayesedwa mapapo ndi madokotala, ndipo ndalama zimasiyana malinga ndi kukula kwa matenda.

Ife sitinena kuti ndalamazo zakwana. Mapapo sagulidwa. Ambiri anafa akudikira. Ena akulephera lero chifukwa cha chinthu chimodzi: mapepala. Pasipoti yakale inadyedwa ndi chiswe, nambala ya ku mgodi inaiwalika, dzina linalembedwa molakwika ndi kalaliki. Choncho kapepala kalikonse ka ku Joni, ngakhale kong'ambika, tikasunge m'chitini chouma. Wenela ija masiku ano ndi TEBA, ndipo maofesi ake amasunga mabuku a antchito. Kupempha sikulipiritsidwa. Wobwera pamudzi nati "ndipatseni mbuzi ndikutsegulireni njira" ndi wakuba.

Kuno kwathu nakonso lamulo lilipo. Wolemba anthu ntchito ayenera kuwalipirira inshuwalansi, imene timati seguro, kuti wovulala pa ntchito athandizidwe. Galimoto nayo iyenera kukhala ndi seguro yolipira munthu amene yamgunda. Ngozi ikachitika, tipite kuchipatala tsiku lomwelo, tiuze apolisi kapena mkulu wa pa ntchito, tisunge kalata ya dokotala ndi maina a mboni. Wopanda ndalama za loya apite ku IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu.

Ndipo akatipatsa pepala kuti tidinde chala, tisafulumire. Mwina likunena kuti talandira zonse ndipo sitidzadandaulanso. Tiliwerenge tokha, kapena atiwerengere munthu amene timamkhulupirira.

Tikambirane: m'mudzi mwathu muno ndani anapita ku Joni? Mapepala ake ali kuti? Tsopano aliyense alembe m'kope mwake dzina lake lonse ndi chaka chimene anabadwa, monga zalembedwera pa bilhete yake.