Kuchoka kwa Mposa Kukaphunzira ku China: Werengani Masiku a Mapepala Anu

Kwa Mposa, ngati m'madera ambiri a Machinga ndi Balaka, ulendo wakunja umene anthu amaudziwa bwino ndi wa ku Joni. Mnyamata amagulitsa mpunga kapena matemba a ku Chilwa, n'kutenga pasipoti, n'kukwera basi yodzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda mpaka kukaoloka pa Beitbridge. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo ambiri masikuwo akatha amangokhala, n'kumati zidzaoneka pobwerera. Koma chiyambire December 2007, pamene Malawi inamanga ubale ndi boma la Beijing, pali njira ina imene ana a sukulu akuyenda, yopita kumayunivesite a ku China, ena pa thandizo la China Scholarship Council, ena pa ndalama za makolo awo. Zimene ndikufuna kuti makolo ndi ophunzira amve n'zakuti nzeru za ulendo wa ku Joni sizigwira ntchito ku China. Ulendo wa ku China ndi wa mapepala, pepala lililonse lili ndi masiku ake, ndipo munthu amene sawerenga masikuwo amataya malo a sukulu ngakhale anakhoza bwanji mayeso.

Ntchito iyambire pakhomo, pa mphasa, ndi mapepala atatu: chiphaso chaunzika cha ku NRB, satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB, ndi pasipoti ngati ilipo kale. Yang'anani dzina chilembo ndi chilembo, komanso tsiku lobadwa. Kwathu kuno si zachilendo kuti mwana analembedwa ku pulayimale ndi dzina la agogo ake, kapena kuti dzina limodzi lalembedwa mitundu iwiri, pena Yusufu pena Yusuf. Pamudzi palibe amene angadabwe nazo, koma kwa munthu wa mu ofesi ya ku Wuhan kapena Nanjing amenewo ndi anthu awiri. Kukonza zimenezi n'kosavuta mukadali kuno, chifukwa MANEB ili pa Zomba pomwepa, ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo mukangotulukira pa msewu wa M3. Pasipoti nayo musadikire kuti kalata ya sukulu ifike kaye. Maofesi a Immigration ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Mangochi, ndipo tonse tikukumbuka kuti kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo makompyuta a nthambiyi atasokonezedwa. Sukulu za ku China zimatsegulira mu September ndipo sizidikira munthu. Pasipotiyo ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito pa tsiku lopempha viza, koma kwa munthu wokaphunzira zaka zinayi kapena zisanu ndi bwino ikhale yatsopano ndithu.

Pepala limene anthu amalipeputsa ndi la kuchipatala, lotchedwa Foreigner Physical Examination Form. Limafuna kuyezedwa magazi, kujambulidwa pachifuwa ndi kuyezedwa kagundidwe ka mtima, ndiponso siginecha ya dokotala ndi chidindo cha chipatala chodindidwa pa chithunzi chanu. Izi si za pa chipatala chaching'ono cha kwa Mposa. Pitani kuchipatala chachikulu monga Zomba Central, Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central. Msampha wake ndi wakuti pepalali limagwira ntchito miyezi 6 yokha. Amene wayezetsa mu January pofuna kuphatikiza pa fomu yopempha malo, pofika September lidzakhala litatha, ndipo adzayenera kuyezetsanso. Ikani ndalama yake padera.

Yunivesite ikakulandirani imatumiza kalata yokupatsani malo pamodzi ndi fomu ya JW201, ngati akulipirirani ndi boma la China, kapena JW202 ngati ndalama zikuchokera kwina. Popanda ziwirizi palibe viza ya maphunziro aatali. Viza zake zilipo ziwiri: X1 ya maphunziro opitirira masiku 180, ndi X2 ya maphunziro osapitirira pamenepo. Fomu yopempha viza imalembedwa pa intaneti, kenako mumapita nokha ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe, chifukwa wopempha X1 amatengedwa zidindo za zala. Kuchokera kwa Mposa njira ndi yotulukira pa M3, kuoloka Shire pa Liwonde, kukhota kulowera ku Balaka, kukagwira M1 pa Chingeni, n'kudutsa Ntcheu ndi Dedza. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, choncho fikani dzulo lake, ndipo konzekerani kugona kwa achibale masiku angapo, pakuti viza situluka tsiku lomwe mwapereka mapepala.

Apa wina anena kuti, bwanji osangopatsa munthu wodziwa njira kuti ayendetse zonse, popeza transipoti ya ku Lilongwe ndi yodula ndipo intaneti kumudzi imavuta? Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Banja limene lagulitsa matumba a mpunga kuti mwana apite silingakwanitse maulendo anayi a ku likulu. Koma taganizirani chimene dobadoba angachite ndi chimene sangachite. Sangapereke zala zake m'malo mwa zanu, sangatulutse JW202 yeniyeni ngati sukuluyo sinakulembeni, ndipo akakulemberani fomu molakwika amene adzakanidwe ndi inu, iye ndalama atadya kale. Choopsa kwambiri ndi uja amene amati lowani ndi viza yokacheza kapena ya malonda, mukasinthira komweko. Ameneyo akukutumizani kukayamba moyo wa kudziko la eni mutanama kale pa pepala loyamba. Kupempha mphunzitsi wa ku sekondale kapena wachibale wa m'tauni kuti akuthandizeni kulemba fomu n'kwanzeru, bola mukhale pomwepo, muwerenge mzere uliwonse, ndipo imelo ndi nambala yachinsinsi zikhale zanu. Safunsa anadya phula, koma wofunsidwayo akhale ofesi ya kazembe kapena ofesi ya ophunzira akunja ya yunivesite yanu.

Ndege zodziwika ndi ziwiri. Ethiopian Airlines imanyamuka pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka kudzera ku Addis Ababa kupita ku mizinda monga Beijing, Shanghai ndi Guangzhou, pomwe Kenya Airways imadzera ku Nairobi kupita ku Guangzhou. Kalata ya sukulu, fomu ya JW ndi pepala la kuchipatala zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati mu sutikesi yopita pansi pa ndege. Nkhani ya madola yambani kuyendera kubanki msanga, pakuti ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno.

Tsopano tafika penipeni pa nkhani. Ambiri amaganiza kuti viza ikamatidwa mu pasipoti ndiye kuti ulendo watheka. Ayi. X1 ndi yongokulowetsani pakhomo, ndipo mukalowa masiku amayamba kuwerengedwa. Pasanathe maola 24 malo amene mukugona ayenera kulembetsedwa kupolisi. Hotela ndi nyumba zogona za pasukulu zimakuchitirani, koma ngati mwafikira kwa mnzanu m'nyumba ya lendi, udindowo ndi wanu. Pasanathe masiku 30 muyenera kupempha chilolezo chokhala m'dzikomo ku ofesi ya Exit-Entry Administration ya mzinda wanu, ndipo chimenechi ndicho chimakusungani m'dzikomo pamene mukuphunzira n'kukulolani kutuluka ndi kulowanso. Chisanatuluke musayerekeze kupita ku Hong Kong kapena Macau, ngakhale mutakhala ku Guangzhou kapena Shenzhen komwe ndi pafupi. Pa nkhani ya zolowa ndi zotuluka, kupita kumeneko kumawerengedwa kuti mwatuluka, ndipo X1 yolowera kamodzi imathera pomwepo. Lamulo la China limene linayamba kugwira ntchito mu July 2013 limalola kulipiritsa wodutsitsa masiku ndalama zokwana 500 yuan pa tsiku mpaka 10,000 yuan, kapena kumutsekera masiku 5 mpaka 15. Lamulo lomwelo limaletsa wophunzira kugwira ganyu popanda chilolezo cha sukulu cholembedwa pa mapepala ake. Makolo amene azolowera kuti mwana akapita kunja mwezi wachiwiri ayambe kutumiza ndalama amvetse kuti uyu wapita kusukulu, ndipo kumukakamiza kuti atumize ndiko kumukankhira m'manja mwa apolisi.

Ena amati yunivesite imasamala zonsezi, ndipo n'zoona kuti maofesi a ophunzira akunja amathandiza kwambiri. Koma ofesi imodzi imayang'anira ophunzira ambirimbiri, pomwe pasipoti yanu ili ndi inu nokha. Chilolezo chokhala chimathanso, ndipo chimafunika kuchipemphanso chisanathe. Amene akubwera kumudzi patchuthi kapena pamaliro ayang'ane kaye ngati adzabwerere masiku ake asanakwane. Ngakhale pepala lili bwino zinthu zimatha kusintha. Pa 28 March 2020, chifukwa cha Covid-19, China inatseka khomo ngakhale kwa alendo amene anali ndi viza ndi zilolezo zokhala m'dzikomo, ndipo ophunzira akunja amene anali kwawo anayamba kuloledwanso mu August 2022. Mwambo wa maliro ndi wolemera kwa ife, koma banja likambirane mwana asananyamuke kuti ndi zovuta ziti zimene adzamuitanire.

Mawu awiri kwa otsala kumudzi. WhatsApp ndi Facebook sizitseguka ku China, choncho ikani WeChat pa foni ya pakhomo mwana asanapite, ndipo kumbukirani kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6. Kwa mabanja achisilamu, amene kwa Mposa ndi ambiri, chakudya cha halali chimapezeka m'mizinda yambiri ya ku China; mawu ake ndi qingzhen. Inu wophunzira, mukafika dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Beijing kuti muli mumzinda uti, siyani fotokope ya pepala lililonse kwa makolo anu, ndipo tsiku lomwe mwatera lembani m'kope deti limene masiku 30 akukwanira.