Ndowa, Chitsekerero ndi Sikelo: Kusandutsa Malita Kukhala Makilogalamu

Mawu Oyamba

Malangizo ochokera ku kafukufuku amalembedwa m'makilogalamu, koma mlimi wamng'ono amayeza ndi ndowa, chitini kapena chitsekerero cha botolo. Izi zimaonekera bwino ku Pumula, kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo, kumene mabanja ambiri, kuphatikizapo amene makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Zambia, amalima chimanga m'timinda tating'ono pa malo opanda nyumba. Mvula ya kumeneko ndi pafupifupi mamilimita 600 okha pachaka, ndipo feteleza amagulidwa pang'onopang'ono monga mwa ndalama imene yapezeka. Mlingo ukalakwika, mlimi ndiye amataya zokolola kapena ndalama. Phunziro lino likufotokoza njira yosandutsira miyezo yapakhomo kukhala makilogalamu.

Mfundo Yaikulu

Ndowa imayeza malo amene chinthu chadzaza, osati kulemera kwake. Cholumikiza ziwirizi ndi kulemera kwa lita imodzi ya chinthucho, kumene akatswiri amakutcha density. Malamulo ake ndi awiri:

Makilogalamu = malita kuchulukitsa ndi kulemera kwa lita imodzi.
Malita = makilogalamu kugawa ndi kulemera kwa lita imodzi.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zinthu zina zimalemera pafupifupi motere pa lita imodzi:

Chimanga chouma chotonola: makilogalamu 0.75
Mtedza wosasenda: makilogalamu 0.3
Feteleza wa yureya: makilogalamu 0.75
Feteleza wa Ammonium Nitrate, kapena kuti AN: makilogalamu 0.9
Molasesi wosakaniza ku chakudya cha ng'ombe: makilogalamu 1.4

Ziwerengerozi ndi zongoyambira. Zimasintha malinga ndi mtundu wa mbewu, kukula kwa njere, chinyezi ndiponso zinyalala. Pa chifukwa ichi, mlangizi aliyense ayenera kuyeza yekha zinthu za m'dera lake.

Kayezedwe Kake

1. Ikani ndowa yopanda kanthu pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake.
2. Idzazeni madzi mpaka m'milomo, muyezenso, ndipo muchotsere kulemera kwa ndowa. Makilogalamu otsalawo ndiwo malita a ndowayo. Ndowa zambiri zotchedwa za malita 20 zimapitirira kapena kuperewera.
3. Iumitseni, muthiremo mbewu kapena feteleza popanda kutsendera, kenaka musalaze pamwamba ndi thabwa.
4. Yezani katatu, muphatikize ndi kugawa ndi 3. Chotsani kulemera kwa ndowa, ndipo zotsalazo mugawe ndi malita aja.

Chitsekerero n'chopepuka kwambiri pa sikelo ya pamsika. Thirani zitsekerero 100 zosalaza m'chitini chimodzi, muyeze zonse pamodzi, kenaka mugawe ndi 100.

Chitsanzo Choyamba: Ndowa ya Chimanga

Ndowa yosalaza ya malita 20 imalowa chimanga cholemera 20 kuchulukitsa ndi 0.75, omwe ndi makilogalamu 15. M'misika ya ku Zimbabwe ndowa ya chimanga imawerengedwa ngati makilogalamu 17.5, chifukwa imadzazidwa mosefukira. Choncho mawu akuti ndowa zitatu ndi thumba la makilogalamu 50 ndi oona pokhapokha ndowazo zili zosefukira. Zosalaza zimangokwana makilogalamu 45. Mlimi wogulitsa ndowa zosefukira pa mtengo wa zosalaza amapereka ulere makilogalamu 2.5 pa ndowa iliyonse, kutanthauza thumba lathunthu pa ndowa 20.

Kusiyanaku n'kofunikanso pothira mankhwala a ufa oteteza chimanga ku anankafumbwe, pakuti mlingo wake pa chizindikiro umalembedwa potengera makilogalamu a chimanga. Mankhwala akachepa, tizilombo sitifa.

Chitsanzo Chachiwiri: Chitsekerero cha Feteleza

Kuyambira m'nyengo ya 2003/04, bungwe la ICRISAT, limene lili ndi malo a kafukufuku ku Matopos, kumwera kwa Bulawayo, lidafalitsa pamodzi ndi mabungwe ena njira yothira feteleza wochepa pafupi ndi mbewu m'madera ouma. Mlingo wake udali chitsekerero chimodzi cha AN, cholemera magalamu pafupifupi 4.5, pa mbewu zitatu. Pa hekitala imodzi mlingowu ndi makilogalamu 50 a AN, opereka makilogalamu 17 a nayitirojeni. M'minda yambiri yoyeserera zokolola zidakwera ndi 30 mpaka 50 pa 100 iliyonse.

Titenge munda wa ku Pumula wa mamita 25 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi, womwe ndi mahekitala 0.05. Feteleza wofunika ndi 50 kuchulukitsa ndi 0.05, omwe ndi makilogalamu 2.5. Tikagawa 2.5 ndi 0.9 tipeza malita 2.8, kapena zitsekerero pafupifupi 555. Mlimi wopanda sikelo tsopano akudziwa kuti agule feteleza wochepera pang'ono malita atatu.

Nanga mlimi akagula yureya? Chitsekerero cha mamililita 5 chimalowa magalamu 3.75 okha a yureya. Koma yureya ali ndi nayitirojeni 46 pa 100, pamene AN ali ndi 34.5 pa 100. Motero chitsekerero cha yureya chimapereka magalamu 1.7 a nayitirojeni, ndipo cha AN magalamu 1.55. Yureya ndi wopepuka, komabe ndi wamphamvu kuposa mnzake. Apa tiona kuti masamu ayenera kuyenda masitepe awiri: kuchokera ku malita kufika ku makilogalamu, kenaka kuchokera ku makilogalamu kufika ku chakudya cha mbewu chimene chili m'fetelezayo.

Zoyenera Kukumbukira

1. Potchula mlingo kwa alimi, nenani chiwiya, chinthu choyezedwa, ndiponso ngati chili chosalaza kapena chosefukira.
2. Mlingo wa feteleza wina usagwiritsidwe ntchito pa feteleza wa mtundu wina musanawerengerenso.
3. Feteleza wonyowa kapena woundana sayezeka bwino ndi chitsekerero. Musungeni pouma ndipo muphwanye zibuma musanayeze.
4. Chitini choyezera feteleza kapena mankhwala chisalowenso kukhitchini.

Pa msonkhano woyamba wa nyengo, bwerekani sikelo ndi kuyeza ndowa za alimi iwo akuona. Lembani malita ndi makilogalamu ndi penti pa ndowa iliyonse, kuti gulu lonse likhale ndi muyezo umodzi pothira feteleza, posunga ndi pogulitsa zokolola.