PHUNZIRO LA MASAMU: Kupeza Nambala Yobisika pa Mapu a Munda wa Tiyi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo aona minda ya tiyi itayalidwa pa zitunda monga mphasa zobiriwira. Ina mwa mindayi ndi yakale ndithu. Wa Satemwa unatsegulidwa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923. Tsono tsamba la tiyi lili ndi khalidwe lake. Likathyoledwa silifuna kuchedwa, pakuti likakhalitsa lothinana m'dengu litentha nilifiira, ndipo tiyi wake atsika mtengo. Chifukwa chake malo oyezerapo masamba sasankhidwa mwachisawawa, ndipo apa ndipo aljebra alowera m'munda.

Pa mapu olembedwa timabokosi, malo ali onse adziwika ndi nambala ziwiri: x anena za kum'mawa, y anena za kumpoto. Nzeru yolumikiza malo ndi aljebra inafala ndi buku la René Descartes, Mfalansa, la m'chaka cha 1637. Koma lamulo loyezera mtunda ndi lakale koposa, ndipo litchedwa ndi dzina la Pythagoras wa ku Samos. Pa mapu lilembedwa motere:

d² = (x₂ − x₁)² + (y₂ − y₁)²

Kanambala 2 kapamwambako katanthauza kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe, monga 6 × 6.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Pa mapu a munda wina kabokosi kamodzi ndi mamita 100, ndipo kuwerenga kuyambira pa ngodya ya malire ya kum'mwera chakumadzulo. Fakitale ili pa (2, 3). Msewu wa thirakitala uyenda molunjika kumpoto pa mzere wa x = 8. Kapitao wauzidwa kumanga shedi ya sikelo pa msewuwo, mtunda wa kilomita imodzi kuchokera ku fakitale, ndiwo timabokosi 10. Nambala ya x aidziwa kale. Yobisika ndi y. Kodi aimike pati chikhomo?

10² = (8 − 2)² + (y − 3)²
100 = 36 + (y − 3)²
64 = (y − 3)²

Apa wophunzira asafulumire. Nambala imene ibala 64 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe si imodzi ayi. Ilipo 8, koma iliponso −8, pakuti −8 × −8 ndi 64 yemweyo. Kotero y − 3 = 8, ndiko kuti y = 11; kapena y − 3 = −8, ndiko kuti y = −5. Sichodabwitsa: mbuzi yomangidwa pa chingwe chachitali ikazungulira chikhomo chake, idutsa njira ya pafupi pa malo awiri.

Mayankho onsewo ali oona pa pepala, ndipo wophunzira wolemba limodzi lokha pa mayeso ataya malikisi. Koma kapitao ayenera kusankha. Malo a (8, −5) agwa mamita 500 kum'mwera kwa malire, mwina m'chimanga cha anthu a m'mudzi. Ndipo ku Thyolo, kumene malo olima ali ochepa ndi anthu ali ochuluka, nkhani ya malire si yoseweretsa. Shedi imangidwe pa (8, 11).

Cholakwa chofala ndi ichi. Ena, poona timanambala 2 paliponse, angotifafaniza nalemba 10 = 6 + (y − 3), napeza y = 7. Kuyesa yankho kuwatsutsa msanga: 6² + 4² = 52, osati 100, ndipo mtundawo ndi mamita ngati 720 okha. Munthu wopita kum'mawa nakhotera kumpoto ayenda ulendo wina. Khwangwala wouluka molunjika ayenda wina. Lamuloli liyeza wa khwangwala.

Nanga kapitao akadauzidwa mamita 500? Masamu akadati 25 − 36 = (y − 3)², ndiyo −11, ndipo palibe nambala pa mapu imene ingabale −11 poichulukitsa ndi iyo yomwe. Tanthauzo lake ndi lakuti msewuwo suyandikira fakitale kuposa mamita 600, ndipo ntchito yolamulidwayo siingatheke.

Chinanso, mapu ndi athyathyathya pamene Thyolo ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Mayi wosenza dengu pamsana kukwera chitunda ayenda mtunda woposa umene pensulo yapeza, ndipo kapitao wanzeru ayamba wapondapo ndi mapazi ake asanaitanitse njerwa.

Ntchito ya wophunzira: pa mapu omwewo thanki ya madzi ili pa (x, 9), timabokosi 13 kuchokera ku nazale ya mbande imene ili pa (4, 4). Apeze nambala zonse ziwiri za x, nanene imene ili m'kati mwa munda. Yankho lidzatuluka pakapita masabata awiri.